Khoma Loonera Kutsidya kwa Msewu

Ku Mandimba, pamene amaima machapa, maminibasi ochokera ku Cuamba, panalibe wosamudziwa Anastaziya, mwini baraka yogulitsa mpunga wa nsomba. Kuphika ankakutha, koma phuma lake linali losasimbika. Mbatata ankaiphula isanapse, munthu ankamuyankha asanamalize kufunsa.

Chinthu chimodzi chinkamuwawa mumtima. Amayi ake adamwalira ku Ngauma osasiya chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo nkhope yawo idayamba kumuthawa m'maganizo. Tsono adaitana a Madalitso, bambo wachikulire wojambula pamakoma a magolosale, amene adakulira mudzi umodzi ndi malemuwo. Mwa onse ogwira burashi, oikumbukira nkhopeyo adali iwo okha.

"Bambo, mundijambulire amayi pakhoma loyang'ana kumsewuli," adatero Anastaziya.

"Ndijambula, mwanangu. Koma ntchito yanga aionera kutsidya kwa msewu, sainunkhiza."

Mawuwo Anastaziya adangowaponyera kunkhongo. Ntchito ili pafupi kutha, a Madalitso adaphimba khoma ndi masaka n'kupita kumudzi kukaona fodya wawo. Fumbi la njinga yawo lisanathe n'komwe, Anastaziya adakanganula masakawo, mphuno n'kugunditsa pakhoma. Zimene adaona ndi madontho okhaokha: apa pobiriwira, apa pachikasu, apo pofiirira.

"Ha! Amayi anga anali bilimankhwe?" adakuwa. "Nkhalambayi maso adatha!"

Posakhalitsa laimu adali m'ndowa, tsache lili m'manja. Adayambira pamwamba, kupaka ndi mphamvu zonse ngati akuthamangitsa njoka.

Kutsidya kwa msewu, Bacar wokonza njinga adataya sipanala. "Achemwali! Mwawalakwira chiyani amayiwo? Ine dzulo lonse ndimangocheza nawo ndi maso!"

"Amayi ake ati? Madontho awa?"

"Tawolokani kaye, mudzaime pano."

Anastaziya adawoloka akung'ung'udza, tsache likudontha. Kenaka adatembenuka kuyang'ana khoma lija. Madontho aja adali atagwirana. Pansi pa laimu padatsala manja awiri atagwira lichero, kachala kakumanzere kopindika monga momwe kadaliri. Adali manja omwe aja ankamuluka tsitsi ali mwana. Koma kuyambira m'khosi kupita m'mwamba kudali mbee!

Adathamanga ndi madzi kukatsuka, koma penti idali isanaume, ndiye laimu adachokera nayo limodzi. Pamene padali nkhope padangotsala phala. Anastaziya adalira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, pakuti amayi ake adawataya kachiwiri, ulendo uno ndi dzanja lake lomwe.

M'mawa mwake adakwera njinga yamoto ya ku Ngauma, tambala ali m'khwapa. Adawapeza a Madalitso pachigafa cha fodya, n'kugwada, n'kuulula zonse. Bamboyo adaseka mpaka kutsokomola.

"Phuma limenelo wachita kuyamwa! Amayi akonso ankakumba mtedza kuti aone ngati wayamba kubereka. Ndibwera, koma pali lamulo. Ine ndikakhala pakhoma, iwe ukhale pabenchi ya Bacar, pakamwa tseke."

Anthu a ku Mandimba adaona zodabwitsa ziwiri nthawi imodzi: khoma likusanduka munthu, ndi Anastaziya atakhala duu. Ena ankachita kutsika chapa kudzaonerera chachiwiricho. Akati anyamuke, Bacar ankangogogoda sipanala pabenchi, iye n'kukhalanso.

Ali chikhalire choncho, adayamba kuona zimene sadazionepo. Kubiriwira kuja kudali mthunzi wa mtengo wa mango pa tsaya. Chikasu chija lidali dzuwa la m'mawa pachipumi. Pang'onopang'ono padatuluka mphini za m'masaya ndi mpata wa pakati pa mano. Pomaliza a Madalitso adadontheza timadontho tiwiri toyera m'maso, ndipo amayi aja adamuyang'ana mwana wawo.

"Amayi!" adafuula Anastaziya, akuseka misozi ili chuchuchu. Lamulo adaliswa, koma palibe adamudzudzula.

Masiku ano mlendo akafika pabarakapo n'kuyamba kusuzumira khomalo pafupi, Anastaziya amamugwira dzanja, kumuwolotsa msewu, n'kumukhazika pabenchi ya Bacar. Mpunga umadikira. Iye yemwe, amene kale sankadikira ngakhale tiyi kuti azizire, ndiye amamuuza mlendoyo kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.