Mbiri ya Malemu Yotamu

Panali bambo wina, kalipentala, amene mwana wa mlongo wake anafera kunkhondo kudziko lakutali. Msilikaliyo dzina lake linali Yotamu. Thupi lili m'njira, abale anati, "Inu amalume ake, mulembe mbiri ya malemu, mukawerenge kumanda."

Bamboyo anatenga pepala. Analemba dzina ndi chaka chobadwa, dzanja n'kuima. Anadzuka, anakhalanso pansi, anadzukanso. Chimene ankadziwa n'chakuti mlongo wake atamwalira, mwanayo anakhala kwa iye zaka ziwiri. Kenako anamukankhira kwa azakhali, azakhali n'kumukankhira kwina. Atakula anangosowa, n'kudzamveka kuti analowa usilikali. Palibe anamufunafuna.

Anayenda khomo ndi khomo. Kodi ankapemphera kuti? Anasiya mkazi? Aliyense ankaloza mnzake.

"Ingolembani kuti tinamulera bwino," anatero azakhali aja. "Adzatsutsa ndani?"

Analembadi. Koma mtima sunakhale pansi. Akagwira macheka ankawasiya, akayamba kudya ankasamba m'manja.

Tsiku la maliro, pakati pa operekeza bokosi panali msilikali wina wotsimphina. Bamboyo anamukokera pambali.

"Mwana wanga, munthuyu anali wotani kumeneko?"

"Bambo, takhala limodzi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku limene adani anatitchingira pamlatho, iye n'kuti atawoloka kale. Anabwerera kudzatenga ovulala. Ananyamula awiri. Wachitatu ndinali ine. Chipolopolo chinamupeza atangonditula."

"Nanga za kwawo ankanena?"

Msilikaliyo anayang'ana pansi. "Ife tikamapita kutchuthi, iye ankatsala. Ankati kulibe amene akumudikira."

Kumanda, nthawi ya mbiri itakwana, bamboyo anaimirira pepala lili m'manja. Analiyang'ana, kenako analipinda.

"Zimene ndalemba apa ndi bodza," anatero. "Mwana uyu tinamutaya ali moyo, woyamba kumutaya ndine. Amene akumudziwa ndi awa."

Anatenga msilikali uja padzanja, namuimika pamalo pake. Azakhali anafunda chitenje kumaso. Mudzi wonse unamva mbiri ya mwana wawo kuchokera pakamwa pa mlendo.

Inu amene mukundimvetsera, pali wina wa magazi anu amene simungathe kulemba za iye ngakhale mizere itatu. Mukumudziwa dzina lokha. Ameneyo akadali moyo. Nyamukani mukamufunse nokha, akadali wotha kukuyankhani.