Filimu ya Mphindi Khumi ya a Chimbalanga

Ana inu, khalani pansi mumve izi. Pa Balaka panali bambo wina wojambula mavidiyo a maukwati, dzina lawo a Chimbalanga. Ntchitoyi inali itawatopetsa, ndipo kamera yawo inkangozima yokha. Atamva za mpikisano wa mafilimu osapitirira mphindi khumi, mphoto yake kamera yatsopano, anati ayese mwayi.

Nkhani yawo inali ya mayi wogulitsa mbatata zootcha pasiteshoni ya sitima, wodikira mwana wake amene anapita ku Joni. Mbali ya mayiyo anapatsa a Nasibeko, amene mwana wawo weniweni anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri ku Joni komweko osatumiza uthenga. Tsiku lojambula kukumana kwa mayi ndi mwana, a Nasibeko analira mpaka ogulitsa malonda anasiya kuitanira makasitomala.

Patatha miyezi itatu, zojambula zinakwana maola anayi, muli mbuzi, akabaza ndi zina zonse za pasiteshonipo. Vuto linabuka podula. A Chimbalanga ankakhala pakompyuta msana ukuwawa, maso ali psuu. Mnzawo, a Kalonga, mphunzitsi wa zisudzo wopuma pantchito, anabwera kudzaona.

"Achimwene, filimu yaifupi imanyamula munthu mmodzi ndi vuto limodzi," anatero a Kalonga. "Tionetseni chimene mayiyu akufuna, chimene chikumutchinga, ndi mmene zathera. Nanga mbuzizi zikutani muno?"

"Koma zakoma, aphunzitsi. Taonani mmene zikudumphira njanji."

"Nanga oyendetsa kabazawa?"

"Amenewonso akoma."

A Kalonga anangopumira m'mwamba n'kunyamuka. A Chimbalanga sanataye kanthu. Anangotapa pang'ono paliponse mpaka mphindi khumi zinadzaza.

Tsiku la mpikisano holo inadzaza masanasana. Mbuzi zinadumpha, akabaza anadutsa, sitima inalira, ana anavina. Filimu inatha. Kenaka mayi wina kumbuyo anafunsa mokweza, "Kodi mwana uja anabwera?"

Anabweradi, koma kukumanako kunangoti phethi, pakati pa mbuzi ndi utsi wa mbatata. A Nasibeko anaimirira, namanga chitenje pang'onopang'ono.

"Bambo Chimbalanga, misozi ija sinali ya sewero. Mwaitaya kuti anthu aone mbuzi?"

Anatuluka osacheuka. Kamera yamphoto ija inapita kwa wina. A Chimbalanga anatsala pabenchi, mutu uli m'manja.

A Kalonga anakhala pambali pawo. "Kwathu ndinaona pusi mumtengo wa mango. Anathyola ili, naona lina lakupsa, nalithyolanso. Manja onse atadzaza, anasowa chogwirira nthambi."

Amene anamva mawuwo anawatengera kwawo, ndipo mpaka lero timati: ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada. Tanthauzo lake n'lakuti wofuna kugwira zokoma zonse amataya ngakhale chimodzi chomwe chikanamuthandiza. Sankhani chachikulu, zinazo muzisiye, ngakhale mtima ukuwawa.