Azakhali Atatu a Ishani

Kalekale ndithu, mafoni a m'manja asanabwere, ku Bvumbwe kunali bambo wina wachimwenye dzina lake Kantilal Vaghela. Ntchito yake inali yokonza mawotchi ku Limbe, koma ankakhala pa kamunda ka makolo ake, tsidya lina la mtsinje umene unali ndi mlatho wamatabwa. Mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi yekha, Ishani, wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Mwanayu thupi lake linkadana ndi mtedza. Ali ndi zaka zitatu analawa chiponde kunsonga ya supuni, milomo n'kutupa, mpweya n'kuvuta, mpaka kugonekedwa m'chipatala masiku atatu. Dokotala anachenjeza kuti ulendo wachiwiri ukhoza kukhala womaliza. Kuyambira pamenepo Kantilal ankakhala ndi mantha. Kuukwati sankapita naye. Kusukulu ankamutumiza ndi chakudya chophika yekha. Amake a mwana atamwalira, anasiyiratu kulandira alendo.

Kantilal anali ndi azichemwali atatu, onse aang'ono kwa iye: Nirmala, Jayshree ndi Daksha. Tchuthi cha Khirisimasi chitayandikira, masitolo atatseka, atatuwa anapita kukamuuza kuti maliro analiridwa mokwanira, ndipo mwana sangakule ngati mbalame ya m'chikwere. Anati achite phwando lija limene banja lililonse limabwera ndi mphika wake, kuti ntchito isalemere munthu mmodzi. Kantilal anakana kawiri. Kachitatu anavomera, koma anati phwandolo likachitikire ku Limbe, pafupi ndi madokotala. Jayshree anaseka mantha akewo. Anati nyumba za ku Limbe n'zopanikiza, pomwe kumundako kuli khonde lalikulu ndi mitengo ya mango yoti ana akasewerepo. Anaumirira mpaka Kantilal anagonja.

Nirmala ndiye anagawa ntchito. Analemba mabanja khumi ndi asanu ndi anayi papepala, aliyense ndi chophika chake: awa biriyani, awa samusa, awa mphodza, awa mabilinganya, awa chapati, awa zotsekemera zamkaka. Anayenda khomo ndi khomo kunena lamulo limodzi, loti m'mphika uliwonse musalowe mtedza, ngakhale mafuta ake.

Tsikulo linafika. Alendo anayamba kubwera cha m'ma leveni m'mawa, miphika itakulungidwa m'nsalu. Anaiika pa matebulo atatu olumikiza pakhonde, ndipo fungo linafika mpaka kumsewu. Masana mvula inayamba, ya madontho akuluakulu, yosaleka. Anthu sanasamale. Anadya, anaseka, ana akuthamangathamanga pansi pa matebulo. Kantilal yekha sanadye. Maso ake anali pa mwana wake, mpaka pamene mlendo wina anamukokera pambali kuti amuonere wotchi yakufa.

Ishani anali atakhala pamiyendo pa Daksha, amene ankamukonda koposa onse. Daksha ankanyema samusa, n'kuviika mu msuzi wobiriwira wa tsabola, n'kumamudyetsa kuchokera m'mbale yake. Pasanapite nthawi mwana anayamba kutsokomola. Anagwira pakhosi, natsetserekera pansi. Mpweya wake unkalira ngati kamluzu.

Khonde lonse linadzuka. Amayi onse analumbira kuti m'miphika yawo mulibe mtedza. Wina anati mwana wameza kakhungwa konunkhiritsa mpunga, kamuima pakhosi, ndipo onse anagwirizana nazo. Kantilal nayenso anakakamira maganizo omwewo, chifukwa maganizo oti ndi mtedza sakanatha kuwapirira. Wina anamenya mwana kumsana. Nkhalamba ina inamupisa zala m'kamwa. Anayesa lamya, koma inali itafa ndi mvula. Mlendo wina amene anathamangira kumtsinje anabwerako atanyowa, nanena kuti madzi akudutsa pamwamba pa mlatho. Amuna onse okhala ndi magalimoto anayang'ana pansi.

Kantilal anagwada pambali pa mwana wake. M'nyumbamo munali mkanda wagolide umene amayi a Kantilal anabwera nawo pa sitima kuchokera ku India, chinthu chimodzi chokha chimene anasiya, ndipo achemwali onse atatu ankaufuna mumtima. Kantilal anakweza mawu pamaso pa alendo onse.

"Ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Amene apulumutse mwana wangayu, mkanda wa amayi ndi wake."

Achemwaliwo palibe amene anatembenuka. Aliyense anali atayamba kale zake.

Nirmala sanakhulupirire za kakhungwa. Anaona makutu a mwana akufiira, zikope zikutupa. Anatenga supuni n'kuyamba kulawa miphika umodziumodzi, kuchokera kumapeto kwa tebulo, akulavula pansi, lilime likupsa ndi tsabola. Anthu ankamuyang'ana ngati wapenga, kudya mwana akufa. Pa mbale yakhumi ndi chisanu ndi chimodzi anaima. Unali msuzi wobiriwira uja, ndipo pansi pa ukali wa tsabola anamva kununa kwa mtedza wosinja. Mbaleyo inabwera ndi banja lachilendo limene linali litangosamukira kuno kuchokera ku Nampula. Mayi wa banjalo anati amene anakonza msuziwo ndi apongozi ake amene anatsala kunyumba, iye sankadziwa zomwe anathiramo. Nirmala anakankha nkhalamba ija imene tsopano inkafuna kuthira madzi m'kamwa mwa mwana. Anatapa msuziwo m'kapu n'kuugwira ndi manja awiri.

Jayshree analanda makiyi m'thumba la mwamuna wake, mwamunayo akumuletsa kuti apha anthu asanu m'malo mwa mmodzi. Analiza galimoto, onse n'kulowa: Nirmala kutsogolo ndi kapu yake, Daksha kumbuyo atanyamula mwana, Kantilal atagwira mapazi a mwanayo. Pamtsinje mlatho sunkaoneka. Panali madzi ofiira okhaokha, akunyamula nthochi zozuka ndi nthambi. Chooneka chinali nsonga za mizati iwiri tsidya linalo. Jayshree ankawoloka mlathowo kuyambira ali mtsikana, ndipo ankadziwa kuti matabwa akumanzere ndi ofumbwa. Analunjika mzati wakumanja n'kulowa. Madzi analowa pansi pa zitseko mpaka m'akakolo. Pakati pa mtsinje galimoto inatembenuka pang'ono, tayala lakumbuyo n'kulendewera, ndipo onse anamva thabwa likuthyoka pansi pawo. Jayshree sanachotse phazi. Galimoto inabuula, inakwawa, n'kukwera mtunda. Atayang'ana pagalasi anaona matabwa awiri akupita ndi madzi.

Daksha sanaone mtsinjewo n'komwe. Asanafike pamlatho kamluzu kaja kanali katasiya kulira. Milomo ya mwana inada, mutu unagwera kumbuyo. Kantilal atangoona choncho anayamba kutchula dzina la mkazi wake womwalira uja. Daksha anali asanaphunzirepo zaunamwino, koma anaonapo kamodzi munthu womira akupumiridwa. Anagoneka mwana pampando, anamutukula chibwano, anamutsina mphuno n'kuuzira mpweya m'kamwa. Unakana kulowa. Anauziranso mwamphamvu, ndipo chifuwa chinakwera pang'ono, pang'ono zedi. Anapitiriza choncho njira yonse, galimoto ikudumpha m'maenje, mano a mwana akumucheka milomo, maso ake akuchita mdima. Kawiri konse anatsala pang'ono kukomoka. Kantilal atamuuza kuti amusiye, mwana wapita, Daksha anapitiriza kuuzira. Analibe mpweya wotaya pa mawu.

Anafika pachipatala china chamishoni. Dokotala wachinyamata atamva Kantilal akubwebweta za chinthu choima pakhosi, anaitanitsa zitsulo zoti afufuze kummero. Nirmala anaima pakati pa iye ndi mwana, namuika kapu ija pamphuno.

"Adokotala, pakhosi palibe kanthu. Ndi mtedza. Ndalawa ndekha, ndipo unamugonekapo kale m'chipatala."

Dokotala anasiya zitsulo n'kuthamangira jakisoni. Anabaya pantchafu. Palibe chinachitika. Anadikira, nabayanso, onse ataima chilili, madzi akudontha m'zovala zawo. Kenaka mwana anakoka mpweya wokhadzula ngati nsalu ikung'ambika, n'kulira.

Madzulo ake dokotalayo anawauza mosabisa. Akanataya nthawi kufufuza pakhosi, mwana akanafera patebulo. Akanachedwa kufika ndi mphindi khumi, jakisoni sakanathandiza. Ndipo pakanapanda womupumira m'njira, akanalandira mtembo.

Patapita sabata, mlatho ataukhomanso, Kantilal anaitana achemwali ake ndi alendo onse amene anamva lumbiro lake. Nthawi imeneyi palibe anabwera ndi mphika. Anaika mkanda uja patebulo. Anati wakhala masiku asanu ndi awiri osadya bwino, chifukwa analumbira pamaso pa Mulungu, ndipo akuopa kuti akapanda kukwaniritsa, kapena akapatsa wosayenera, chimene chinabwezedwa chidzatengedwanso. Anati kudula mkandawo patatu sangathe, popeza iye anati amene apulumutse, sanati amene athandize. Kuusungira Ishani sangathenso, chifukwa mwana sanadzipulumutse yekha.

Alendo anagawikana. Ena anati Nirmala, pakuti matenda osadziwika alibe mankhwala. Ena anati Jayshree, amene anaika moyo wake pa matabwa ofumbwa amuna atakana. Ena anati Daksha, amene anagawana mpweya wake ndi mwana.

Mkangano uli mkati, Nirmala anaimirira. Nkhope yake inali yotuwa.

"Achimwene, ndisanalandire kanthu mumve izi. Ndinayenda makomo khumi ndi asanu ndi atatu. Khomo la alendo a ku Nampula ndinati ndipita mawa, ndipo mawalo silinafike. Lamulo la mtedza sanalimve."

Jayshree analankhula ali chikhalire, osakweza maso. Anati achimwene ankafuna phwando likhale ku Limbe, pafupi ndi madokotala, ndipo amene anawaseka ndi kuwakakamiza kuti lichitikire tsidya la mtsinje, nyengo yamvula, ndi iyeyo. Milomo ya Daksha inali idakali ndi zilonda. Potsiriza ananong'ona kuti anthu onse anaona dzanja limene linaika samusa ija m'kamwa mwa mwana, ndipo iye sanafunse n'komwe kuti msuziwo waphika ndani.

Mkangano unayambiranso, woopsa kuposa poyamba. Amene anali kumbali ya Nirmala anati kuiwala si kupha. Ena anayankha kuti iye ndiye anasenza udindo, ndipo khomo limodzi lomwelo ndi limene linali lofunika. A kumbali ya Jayshree anati iye sanagwetse mvula. Ena anati anangokonza chimene anawononga yekha, komanso anatsala pang'ono kumiza anthu asanu. A kumbali ya Daksha anati anadyetsa mwana mwachikondi, atakhulupirira mawu a mkulu wake. Ena anati wodziwa matenda a mwana salola chilichonse kufika pakamwa pake asanafunse.

Kantilal ananyamula mkanda uja, nayang'ana achemwali ake mmodzimmodzi. Palibe anatambasula dzanja. Kuchipinda Ishani anatsokomola kamodzi, ndipo Kantilal ndi achemwali ake atatu anadzidzimuka n'kutembenukira kuchitseko.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni bamboyu, chifukwa lumbiro lake likadali pakhosi pake. Wina anadziwa matenda, koma ndiye anaiwala khomo. Wina anawoloka mtsinje, koma ndiye anaika mwana tsidya lake. Wina anapereka mpweya, koma ndiye anapereka samusa. Kodi mkanda wa amayi awo auveke m'khosi mwa ndani?