Thabwa la pa Ngalande

Panali munthu wina, mlimi wa anyezi, wodziwa ntchito yake bwino lomwe. Anthu a m'mudzi mwake atagwirizana zopatutsa madzi a mumtsinje kuti azilima ndi chilimwe chomwe, iye ndiye anali patsogolo. Bungwe lina linapereka simenti, eni mudzi anasenza mchenga ndi miyala. Palibe anasenza miyala yambiri kuposa iye, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Ngalande itatha, anagawana minda. Iye anapata wakumtunda, wa dothi la makande losunga chinyezi. Wotsatira kumunsi unagwera mayi wina wamasiye, amene nthawi ya miyala ija anali kuchipatala kudwazika mwamuna wake. Munda wa mayiyo unali wa mchenga, wosachedwa kuuma.

Madzi anali ochepa, choncho ankathirira mosinthana. Panali thabwa limodzi lokha. Ukatseka nalo ngalande, madzi ankakhotera m'munda mwako, akumunsi n'kumadikira. Lamulo linkati aliyense theka la tsiku. Koma chizolowezi chinali chakuti munda ukakhuta, umazula thabwa n'kupatsira mnzako, ngakhale nthawi yako isanathe.

Chaka choyamba mayi uja anasenza manyowa a mbuzi pamutu mpaka mchenga wake unada. Anyezi wake anatupa ngati zibakera. Ogula ochokera m'tauni ankadutsa pa munda wa bambo uja, kungopereka moni, n'kukayamba kwa mayiyo. Nayenso bamboyo anagulitsa anyezi wake yense, pamtengo wabwino ndithu. Koma sanakondwe. Chinamudya moyo n'chakuti munthu amene sanasenze mwala ndi umodzi womwe ndiye ankatamandidwa.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Okutobala, mtsinje unaphwa kwambiri. Anyezi wa bambo uja anali atakhwima, makosi atayamba kugwa. Mlimi aliyense amadziwa kuti pamenepo umaleka kuthirira, kuti anyezi aume bwino m'nthaka. Iye ankadziwa kuposa aliyense. Wa mayi uja anawokeredwa mochedwa, ndipo ndi pamene ankayamba kuika mitu, ludzu lili pachimake.

Tsiku lawo litafika, m'mawa unali wa bamboyo, masana wa mayiyo. Bamboyo akanatha kumusiyira tsiku lonse osataya kanthu. Anaima pamalire, nayang'ana masamba obiriwira a mnzake, mtima n'kumuwawa. Anatenga thabwa, natseka ngalande, nakhala pansi.

Madzi anadzaza mabedi ake, naima. Mayi uja anabwera, nagwada chapatali.

"Achimwene, wanu uja wakhwima kale. Bwanji mundipatseko thabwa? Wanga akufota."

"Nthawi yanga sinathe, mayi. Lamulo ndi theka la tsiku. Ife tinasenza miyala, timalidziwa."

Lamulo linalidi kumbali yake, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Anakhalira thabwa mpaka dzuwa lili paliwombo. Anachita chimodzimodzi ulendo wachiwiri, ndi wachitatu womwe.

Musaganize kuti mayiyo sanapwetekeke. Madzi a masana okha sanakwanire mchenga wake. Anatunga ndi ndowa kumtsinje mpaka msana unakana, koma anakolola theka la za chaka choyamba chija, tianyezi ting'onoting'ono. Chimene bamboyo ankafuna chinachitika.

Kenaka anapita kukazula wake. Anagwira woyamba, khosi linangothothoka. Anafukula ndi dzanja, chala chinalowa m'kati, n'kutuluka madzi onunkha. Wachiwiri chimodzimodzi. Anayenda bedi ndi bedi, munda wonse uli phwetephwete. Ogula atafika anagwira mphuno, nadutsa, nakagula tating'ono tija kumunsi. Bamboyo akanadandaulira yani? Sanali matenda, sanali mbava, sichinali chilala. Anawoletsa yekha, akuona, ndi madzi amene sankawafuna.

Tsono inu amene mwabwera kudzagawana minda ya m'ngalande yatsopanoyi, ndimvereni. Mwasenza miyala, mwachita bwino, ndipo mapewa anu ndi mboni. Malamulo tilemba, ndipo akhala abwino. Koma lamulo limayeza nthawi, siliyeza mtima. Ena a inu ndakuonani kale mukufunsa za munda wa mnzanu musanaone n'komwe wanu, ndipo zikundichititsa mantha. Nsanje ilibe munda wake, imalima mwa mwini.

Tsiku lidzafika thabwa lili m'manja mwanu, munda wanu utakhuta, mnzanu ataima kumunsi. Musadzayang'ane masamba ake. Pisani chala m'dothi lanu. Ngati lanyowa, zulani thabwa.