Petulo wa ku Supamaketi

M'mawa wa Loweruka limenelo m'chipinda cha Goodwell ku Barking munkamveka fungo la nsimbi. Malaya oyera anawasita kawiri. Linali tsiku lokaonekera kwa akuchikazi, kwawo kwa Lois, namwali amene akamwetulira chisanu cha London chinkasanduka Okutobala. Malume ake a Lois, a Evance, anali namwino ku Edmonton, ndipo anali atanenetsa kuti alendo afike 12 koloko. Iwo ankalowa shifiti 2 koloko, pomwe azakhali amene anachokera ku Zomba kudzaona mkamwiniyo ankakwera ndege mawa lake.

Koma Goodwell anali ndi chinsinsi chimene ngakhale Lois sankachidziwa: ankaopa petulo wa ku supamaketi. Ali mwana ku Lilongwe, mafuta atasowa, bambo ake anagula a m'zigubu kwa mavenda, osadziwa kuti anali osakaniza ndi parafini. Minibasi yawo inatsokomola masiku atatu n'kufa, mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Chichokereni apo, mafuta ogulitsidwa ndi anthu a buledi ndi sopo sankawakhulupirira. Nthawi zina ankaima pamageti a supamaketi n'kumadabwa. Ngati mafutawa ndi oipa, bwanji magalimoto onyezimira chonchi akundandana pamzere? M'matanki apansiwo muli chiyani kwenikweni? Koma mafunsowo ankangowameza, kuopa kuoneka wachimidzi.

Nkhoswe yake inali a Crispin, mkulu wa mpingo wochokera ku Chipata, ku Zambia. Za ntchito yawo Goodwell ankangodziwa kuti amayendetsa malole. Atangonyamuka pa galimoto ya Goodwell, kanyali kachikasu kochenjeza za mafuta kanayaka.

"Mwana wanga, motoka ili na ludzu iyi," anatero a Crispin. "Loŵa apa pa supamaketi."

"Musadandaule bambo, kutsogoloku kuli filing'i siteshoni yanga yeniyeni, ya kampani yodziwika."

"Yako? Unagula liti?"

Goodwell anaseka, n'kudutsa mapampu asanu ndi atatu opanda mzere.

Pamsewu wa North Circular anapeza akukonza msewu. Magalimoto ankakwawa ngati nkhono. Kanyali kaja kanayamba kuphethira, naye Goodwell thukuta kamukamu m'malaya ositasita aja. Itatsala pang'ono 12 koloko, injini inanjenjemera, inausa moyo, kenako zii.

Atakankhira galimoto pambali, a Crispin anapukuta manja ndi mpango. "Manje niuze zoona. Pa supamaketi paja pali mkazi amene ukuthawa?"

Goodwell, maso ali pansi, anaulula za minibasi, zigubu ndi parafini. A Crispin anaseka mpaka kugwira bondo.

"Iwe! Uganiza malole anga nimanyamula kabichi? Nimanyamula petulo, zaka khumi na ziwiri! Kudepoti kumene nimatapa, matanka a supamaketi na a makampani yako yotchuka yaima mzere umodzi. Onse afunika kufika pa muyezo umodzi wa boma. Kusiyana ni tumankhwala totsuka injini tumene kampani iliyonse ithirako twake. Ena ati tuthandizako, ena ati ni pang'ono chabe. Koma parafini? Awe!"

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Unanifunsa?"

Anaimbira Lois foni kuti apepese m'malo mwawo, kenako awiriwo anayenda wapansi mtunda wautali, nsapato zatsopano zikumuluma Goodwell. Malo oyamba ogulitsa mafuta amene anawapeza anali a supamaketi. Anagula m'chigubu, n'kubwerera kukathira, injini inalira bwinobwino, koma dzuwa silidikira munthu. Pamene ankagogoda ku Edmonton, a Evance anali atapita kuntchito kalekale.

Anatsegula ndi Lois, atavala diresi la chitenje chobiriwira, maso atafiira. Kuseri kwake azakhali ankapinda zovala m'sutikesi, osatembenuka n'komwe.

"Malume akuti nkhaniyi sangaikambe popanda azakhali," anatero Lois motsitsa mawu. "Akuti mudzabwere azakhaliwo akadzabweranso."

"Liti?"

"Ogasiti wa chaka chamawa. Ngati viza adzawapatse."

Goodwell anatsamira khoma. Miyezi khumi ndi inayi! Apo m'pamene anamufotokozera zonse. Lois sanadziwe kuti alire kapena aseke.

"Goodwell, ine ndikabwereka galimoto yakoyo ndimamwetsa kuti? Chaka chonsechi ndi ku supamaketi. Iwe n'kumandiuza kuti injini ikuimba ngati kwaya."

Anamugwira dzanja pang'ono, mwakabisira kuti azakhali asaone, kenako anatseka chitseko mwakachetechete.

Mnyamatayo anabwerera ku Barking tanki ili yodzaza, yankho la funso lake lakalekale ali nalo, koma mbeta atamuika kutali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Munthu wodziwa anali naye pampando wapambali, wina anali naye pamtima, onsewo osawatsegulira pakamwa. Akuluakulu sananame ayi: safunsa anadya phula.