Chifukwa Chake Mtsuko Umachita Thukuta

Iwe amene ukuti mtsuko wanga ndi wong'aluka chifukwa wanyowa kunja, bwera pafupi. Enanu tulani nkhata zanu, mukhale pansi. Ine ndayamba kuumba amayi anu asanamere mano, ndiye musandiphunzitse za mng'alu.

Kale, dziko lisanaume mutu, mitsuko inkadontha ngati dengu. Mkazi ankatunga m'mawa, pofika masana n'kupeza pansi pa mtsuko pali matope okhaokha. Kumtsinje ankapitako kanayi pa tsiku, ndipo makosi a akazi ankangokhalira kuwawa. Koma mvula sinkaphonya. Dzuwa linkatapa madzi m'mitsinje ndi m'madambo n'kukapereka kwa m'bale wake Mtambo, ndipo dzinja likafika Mtambo ankawabweza.

Pamudzi wina wa m'munsi mwa phiri panali woumba mbiya dzina lake Nangondo, mkazi wouma khosi amene akati ndichita, ankachitadi. Maulendo akumtsinje aja anamukwana. Anatenga mtsuko wake n'kuukulungiza ndi kamwala kosalala mpaka kuwala, ndipo atauwotcha anaumata phula la njuchi mkati ndi kunja. Anathiramo madzi, navundikira. Patatha sabata anapeza madzi ali pomwe anawasiya.

Mbiri inawanda. Akazi a midzi yonse anabwera kudzaphunzira, ndipo poti mtima wa munthu sukhuta, anayamba kuumba mitsuko ikuluikulu ngati nkhokwe. Mvula itangosiya, anatunga mtsinje wonse. Anakokolola maiwe, anafinya ndi madambo omwe, n'kuvundikira zonse.

Chilimwe chitafika, Dzuwa linatsika kudzatapa monga mwa masiku onse, koma linangopeza mchenga. Linapita pakhomo pa Nangondo.

"Zikomo mayi," linatero. "Ndipatseniko madzi pang'ono, ndikapereke kwa Mtambo."

"Madziwa ndasenza ndekha pamutu pangapa," anayankha Nangondo. "Inu munali kuti khosi likundiwawa? Mtambo akatunge kwawo."

Dzuwa silinakangane naye. Linangokwera n'kumapita.

Chaka chimenecho mvula sinagwe. Poyamba anthu ankaseka, amvekere ife tili ndi mvula yathu m'nyumba. Koma chimanga sichimwera m'chikho. Minda inapsa, mbuzi zinayamba kugwa, ndipo madzi a m'mitsuko yomatidwa ija ankatentha n'kumanunkha. Dzinja lachiwiri linayandikira kumwamba kuli mbee. Pakhomo lililonse panatsala mitsuko iwiri kapena itatu, ndi kambewu kochepa kopachika kudenga. Aliyense ankadziwa kuti mvula ikaphonyanso, mudzi watha.

Nangondo sanagone nazo. Anamanga nsalu m'chiuno n'kukwera phiri kuti akamufunse Mtambo maso ndi maso. Anayenda masiku awiri, zidendene zikung'ambika, mawu aukali atawakonzeratu pakamwa. Koma atafika pamwamba, mawu aja anamuthawa. Mtambo anali gone pamwala, atawonda ngati ulusi wa kangaude.

"Bwanji mukutimana mvula, agogo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndikupatseni chiyani, mwana wanga?" anatero Mtambo. "Inu mumayesa kuno kuli chitsime? Madzi amene ndimagwetsa ndi omwe aja munasamba chaka chatha. Ndi omwe aja anamwa amayi ako, ndi omwenso adzamwe adzukulu ako. Pa dziko pano palibe ena. Amakwera, amatsika, amakweranso. Tsono inu mwawatsekera m'mitsuko."

Nangondo anachita manyazi kwambiri, ndipo anachitanso mantha, chifukwa anaona chimene chinkafunika. Anatsika phiri osapuma, n'kuitana akazi onse pathanthwe lalikulu la kuseri kwa mudzi. Anawauza kuti madzi otsalawo awathire pamwalapo dzuwa lili paliwombo.

Mlamu wake Nasikelo ndiye anayamba kuyankha. "Alamu, mutu wanu ukuyenda bwino? Ndinu munatiphunzitsa kumata phula. Lero mukuti titaye madzi, ana athu amwe chiyani? Madzi akatayika saoleka."

"Ndinalakwa ndine, sindikukana," anatero Nangondo. "Koma mitsuko yanu itatuyo ikufikitsani mwezi umodzi, kenako mudzafa muli chigwirire chivundikiro. Kupatsa n'kuika, alamu. Ndiyamba ndi yanga."

Anagubuduza mitsuko yake yonse itatu, nathira pathanthwe lotentha. Madzi analira kuti tsss, nthunzi n'kukwera. Akazi anagwira pakamwa, ena anatembenuka kuti asaone. Tsiku linapita. Lachiwiri linapita, kumwamba kuli mbee. Nangondo anakhala pathanthwe pomwepo, milomo itang'ambika, ndipo Nasikelo atamubweretsera chikho cha madzi kuti anyowetse kukhosi, iye anamwako kamodzi, otsalawo n'kuthiranso pamwala.

Tsiku lachitatu, pamwamba pa phiri panaoneka kamtambo kochepa ngati chikhatho. Nangondo analoza ndi chala. "Amenewo ndi madzi anga," anatero ndi mawu osasa. "Akuchepa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Nasikelo anayang'ana kamtambo kaja nthawi yaitali. Kenako anapita kwawo, nabwera akugubuduza mtsuko. Anasiya umodzi wokha wa ana. Ena anamutsatira, midzi ina inamva n'kuchita chimodzimodzi, ndipo masiku asanu mathanthwe a dziko lonselo ankangofuka nthunzi. Mtambo ananenepa, anada bii, ndipo tsiku lachisanu ndi chimodzi masana mvula inagwa. Anthu anadzala kambewu kawo kaja misozi ili m'maso.

Apa anthu anati tsopano tibwerere ku mitsuko yodontha ija. Nangondo anakana. Anati khosi la mkazi nalonso ndi la munthu. Anakhalanso pansi ndi dongo lake. Mtsuko woyamba unadontha. Wachiwiri unatseka kwambiri, iye n'kuuphwanya yekha. Anasakaniza dongo ndi timapale tosinja, anasiya phula, anasintha kawotchedwe, mpaka kuseri kwa nyumba yake kunadzaza mapale. Pamapeto pake anatulutsa pamoto mtsuko wosunga madzi masiku ambiri, koma wotulutsa timadontho kunja kwake ngati thukuta la munthu wolima.

Anauika pamthunzi n'kuitana Dzuwa. "Ambiriwa ndi a ana anga," anatero. "Apakhunguwa ndi anu ndi Mtambo. Tsiku lililonse, osadumpha."

Dzuwa linatuma kamphepo kudzatenga thukuta lija, ndipo pothokoza linati potenga madziwo lizitengera kumodzi ndi kutentha kwake. Nangondo atamwa madzi a mumtsukomo, anapeza akuzizira mpaka m'mano.

Ndi chifukwa chake lero mtsuko wadothi umanyowa kunja, madzi ake n'kumazizira ngakhale mu Okutobala, pamene chigubu chanu chotseka ndi chitsekerero chimakupatsani madzi ofunda ngati osambitsira khanda. Ndi chifukwa chakenso potunga sitikokolola dziwe mpaka matope. Tsono iwe unati mtsuko wanga ndi wong'aluka, tenga chikho umwe. Kunjako usapukute. Imeneyo ndi mvula ya chaka chamawa.