Kochi Amene Anagonja Kamodzi Kokha

Pa tauni ina yaing'ono, kuseri kwa msika, panali bwalo la mpira lopanda ndi udzu womwe, ndipo pabwalopo panali timu ndi kochi wake. Dzina lake sinditchula, mungayambe kuyang'anana muno. Timuyi inkasewera mu ligi ya m'boma, ya matimu asanu ndi atatu. Lamulo lake a mpira mukulidziwa: mukapambana mapointi atatu, mukalepherana imodzi, mukagonja mubwerera chimanjamanja. Timu yothera pansi pa onse pakutha pa chaka imadulidwa ndi nkhwangwa, ndiye kuti yatuluka mu ligi.

Osewera a timuyi anali atakula. Ena mawondo ankachita kumanga ndi nsanza, ena akathamanga pang'ono wefuwefu, manja m'chiuno. Kochi anaona kuti apa mawa palibe. Anayenda m'masukulu ndi m'midzi yozungulira, napeza achinyamata asanu ndi mmodzi a miyendo yopepuka. Anawaphunzitsa miyezi itatu, nawalonjeza kuti timuyi adzaimangira pa iwo.

Masewero oyamba anawalowetsa onse. Abale anga, anamwa zigoli zinayi kwa duu.

Mawa lake masapota anasonkhana pakhonde la a Nankhuni, telala wa pamsikapo, munthu wokonda timuyi kuposa makina ake osokera. A Nankhuni anati, "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Abwezere akuluakulu aja, titseke kumbuyo, tipulumuke chaka chino. Zomanga timuzo tidzaona mawa."

Mayi Nasibeko, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhomo la bwalo, anayankha, "Mawa lake liti, a Nankhuni? Mwana amaphunzira kuyenda n'kugwa komwe. Zinayi tamwa, inde, koma ine ndaona ana athu akufika pagolo la adani kasanu. Chaka chatha chonse sindinazione zimenezo."

Mkanganowo unatenga sabata yathunthu, pachigayo, pamjigo, ngakhale pamaliro. Kochi anamva mbali zonse ziwiri. Mumtima mwake ankadziwa kuti mayi aja akunena zoona. Koma m'makutu mwake munali mukulirabe mawu amene anamukuwiza tsiku lija akuti, "Kochi achoke! Kochi achoke!" Munthuyu anachita mantha, ndipo sindimuseka, chifukwa kukuwizidwa kumawawa. Anaika achinyamata aja pabenchi, nabwezera akuluakulu.

Tsono njira yake inali iyi. Pambali pa bwalo panali munda wa chinangwa. Kochi anauza osewera ake kuti, "Nonse kumbuyo. Mpira ukakupeza usaganize, umenyere m'chinangwa." Mpira ukalowa m'menemo, kuufunafuna mphindi zitatu. Ukabwera, wina aumenyeranso momwemo. Goloboyi naye akaugwira ankagona nawo pansi ngati wakomoka. Akasewera koyenda, kumene kulibe chinangwa, ankaumenyera kulikonse kumene kuli tchire.

Ndipo zinatheka! Masewero achiwiri, palibe chigoli uku ndi uku. Achitatu, chimodzimodzi. Achinayi, achisanu, osagonja. Kukuwiza kuja kunatha. A Nankhuni anamusokera kochi chipewa chaulere, n'kulembapo kuti Khoma.

Loweruka lililonse achinyamata aja ankavala jezi, kumanga zingwe za nsapato, n'kukhala pabenchi mpaka wezulo yomaliza. Wina akafunsa kuti, "Kochi, nanga ife tilowa liti?" yankho linali limodzi: "Dikirani, tiyambe tapulumuka." Anadikira mwezi, anadikira iwiri. Kenaka wina anapita ku timu ya tsidya la mtsinje, wina anayamba kabaza, wina anangosiya kubwera osatsanzika. Kochi sanawalondole, poti zinthu zinkaoneka ngati zili bwino.

Koma matimu enawo, abale, ankagonja lero, sabata yamawa n'kupambana. Akagwa ankadzuka ndi mapointi atatu, pomwe a Khoma akutolera imodziimodzi ngati nkhuku yojompha mphale. Pofika masewero omaliza, anapezeka ali pansi pa onse. Kulepherana sikukanawathandizanso. Kunali kupambana basi, apo ayi nkhwangwa.

Tsiku limenelo bwalo linadzaza. Kochi anaima pamzere, chipewa chili kumutu, akufuula, "Pitani kutsogolo! Kutsogolo!" Akuluakulu aja anayesetsa ndithu, koma chaka chonse anali asanawoloke pakati pa bwalo, ndiye akawoloka ankangoyang'anana. Chigawo chachiwiri miyendo inatha. Kochi anacheuka kuti alowetse magazi atsopano. Pabenchi panali ndowa ya madzi, ndi mkulu mmodzi wothyoka phazi.

Kutatsala mphindi ziwiri, mwayi unabwera wokha. Goloboyi wa adani anatuluka pagolo, anaterereka, mpira n'kugubuduzikira kwa kaputeni wa timu ya kochi uja. Golo lili yasa, patsogolo pake palibe munthu. Bwalo lonse linaimirira. Kaputeni sanaganize, monga momwe anaphunzitsidwira. Mwendo unachita zimene unazolowera. Anaumenyera m'chinangwa.

Pamene ankautola m'mundamo, wezulo inali italira kale.

Timu imene inagonja kasanu ndi katatu chaka chimenecho inatsala mu ligi. Timu imene inagonja kamodzi kokha inatuluka. Anthu anabalalika mwakachetechete, a Nankhuni ali patsogolo, mutu uli pansi. Kochi anatsala atakhala pabenchi paja. Mayi Nasibeko anasenza beseni lawo, nadutsa pomwepo. Sanamunyoze ayi. Anangoti, "Pepani kochi, kugonja simunagonje. Koma ana aja ali kuti?"

Abale ndi alongo, fanizoli ndi lathu, ndipo ine ndemwe likundikhudza poyamba. Mulungu watipatsa anthu, watipatsa mphatso, koma ambiri a ife tikukhala moyo wongoopa kugwa. Tikuti bola anthu asatinene, bola tisachite manyazi, bola chaka chithe. Mpingo nawo umatero. Wachinyamata akawerenga mawu kamodzi n'kuchita chibwibwi, timati, "Basi, abwerere akuluakulu." Mtsikana akayambitsa nyimbo n'kuphonya, timamukhazika pansi chaka chonse. Timati dikirani, tiyambe takhazikika. Ndipo mtima umene wazolowera mantha, tsiku limene Ambuye adzautsegulire khomo, udzachita zomwe unazolowera.

Chikhulupiriro si kusagwa ayi. Chikhulupiriro ndi kulowetsa m'bwalo chimene Mulungu wakupatsa, ngakhale ukudziwa kuti masiku ena udzamwa zinayi. Pa tsiku lomaliza sadzatifunsa kuti munagonja kangati. Adzatifunsa funso la mayi a zitumbuwa lija.

Ndiye tacheukani pang'ono, akulu a mpingo, muone mabenchi akumbuyoko. Lero ana athu akadalipo, nsapato atamanga. Sindikudziwa ngati chaka chamawa tidzawapeze.